Ndege ndi yanga, koma amayi ndinawaonera pafoni

Inu owerenga, ndivomere kaye: ndege ndinaisankha ndili chigonere, foni ili kumaso. Eee, ndege yeniyeni, yamapiko! Mpaka lero ndikaiganizira nkhaniyi mutu umandiwira.

Ine ndimagwira ntchito kumgodi, kumpoto uko, ndimakonza zimagalimoto zonyamula miyala. Masabata angapo kusayiti, kenako kubwerera kuno ku Perth, tauni ya kutsidya kwa nyanja, kudzapuma. Tikaweruka kukampu kulibe chochita, ndiye ine ndi mavidiyo basi. Chilichonse ndimaphunzira pafoni. Ndi momwemo ndinakondera zouluka, mpaka ndinayamba maphunziro a upayiloti pa kasukulu kena kum'mwera kwa tauni.

Kenako vidiyo ina inandipengetsa. Ati gula kandege kako, ukapereke kusukulu yophunzitsa kuuluka, iwo azikachititsa hayala, kazidzilipira kokha, iwe uziuluka ngati bwana. Ndinati basi, ndi zimenezi!

Zogulitsa zinalipo ziwiri, ina ya mipando inayi, ina ya mipando iwiri. Mphunzitsi wanga, mzimayi wachizungu wosalankhulalankhula, anangondifunsa kuti ndegeyo ndikuifunira chiyani kwenikweni. M'malo moganiza, ine ndinamuonetsa foni. Mavidiyo onse amati ya mipando iwiri siidya mafuta ndipo ophunzira amailimbirana. Ndinatenga ngongole, ndinagula iyoyo.

Tsiku lomwelo ndinaimbira amayi ku Lilongwe pa vidiyo, ndikuizungulira ndege, ndikukuwa ngati ndawina mpira. Amayiwo anatilera okha ndi geni ya kaunjika. Ndinawalonjeza kuti akadzabwera kudzandiona, ndidzawaulutsa ineyo pamwamba pa nyanja. Sipanathe sabata, Mvano yonse inali itadziwa.

Mavidiyo sananame, abale, ophunzira anailimbiranadi. Koma ndege imabukitsidwa pa apu ya pafoni, ndipo mwini wake umabukitsa ngati wina aliyense. Zinali m'pangano, ine ndinangosaina. Kusayiti netiweki ndi yamwayi, rosita ya ntchito imasinthasintha. Ndikangotera ku Perth, kutsegula apu, yadzaza! Tsiku lomwe pali mpata, chimphepo. Tsiku lopanda mphepo, ili kwa makaniko, chifukwa ikamauluka kwambiri sevisi imafikanso msanga, kapena wophunzira wina waiteretsa ngati akuponya thumba la simenti. Mwina mukuti bwanji osakwera ndege ina? Ndi ndalama ziti, zonse zikuthera kungongole ndi inshuwalansi? Kandege kanga katulutsa mapayiloti ambirimbiri, ine mwini wake laisensi ndilibe. Mukundimva?

Ndiye amayi anafika ku Girrawheen, dera la mu Perth momwemu komwe ndimakhala, atasoketsa kale chitenje chokwerera ndege. Apa m'pomwe ndinazindikira uchitsiru wanga. Wophunzira saloledwa kunyamula munthu ali yekha, pamafunika mphunzitsi. Ine, mphunzitsi, amayi. Mipando iwiri! Ija ya mipando inayi bwenzi amayi atakhala kumbuyo ine ndikuyendetsa.

Ndinawachonderera kuti tichite hayala ina yokulirapo tikwere tonse. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe, ine ndaoloka nyanja yonseyi kudzakwera ya hayala? Anzanga ndikawauza chiyani? Ndikwera ya mwana wanga.”

Ndinalimbana ndi apu ija mpaka ndinapeza kampata m'mawa wina, amayi atatsala pang'ono kubwerera. Ndinawamanga lamba ndekha, ndinawaveka zam'makutu pamwamba pa duku, ndinatseka chitseko. Mphunzitsi anakhala pampando wanga. Ine ndinabwerera kuseri kwa mpanda ngati wodzaonerera.

Inanyamuka, inachepa, inasowa. Ndinatulutsa foni, ndinatsegula apu yotsatira ndege, n'kumaona kachizindikiro kakang'ono kakukwawa m'mphepete mwa nyanja. Mmenemo munali amayi anga. Bambo wina anaima pafupi nane n'kundifunsa ngati ndikufuna kudzaphunzira kuuluka tsiku lina. Ndinangoti eya. Ndikanati chiyani?

Atatera, amayi anatsika akuseka, akuyamika Mulungu. Kenako anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, “Dalaivala wakoyu ndi waulemu, amayendetsa bwino. Usamuchotse ntchito.” Kenako tili m'galimoto anati, “Koma ine ndimafuna ndione msana wako ukuyendetsa.” Mawu amenewo ndi omwe akundiwawa mpaka lero.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga akumgodi amene ndalama zikukuyabwani, musanasankhe ndege yopereka kusukulu ikani foni pansi. Dzifunseni kuti mukufuna mudzakwere ndi ndani, muwerenge mipando. Funsani ngati mwini ali ndi masiku ake, zilembedwe m'pangano. Ndipo malizani kaye laisensi musanaimbire kumudzi.

Amayi anabwerera. Chithunzi chomwe akuonetsa ku Mvano ndi cha iwo ndi mphunzitsi, akumwetulira m'ndege yanga. Ine mulibemo, ndine ndinajambula.