Duku la Mayi wa Kutsidya

Mumpingo mwathu ku Kanakantapa azimayi tili ndi mwambo wathu. Mayi akamaliza kalasi ya ubatizo, nabatizidwa, n'kufika poti alowe m'gulu la ovala yunifolomu, savala yekha. Amagwada kutsogolo, abusa n'kumufunsa kuti anamubweretsa kwa Yesu ndani. Amene walozedwayo ndiye amamuveka bulauzi yoyera ndi kumumanga duku, mpingo wonse ukuyang'ana. Palibe mphatso ina, koma azimayi amanyadira zimenezi mpaka kukalamba. Ine ndakulira mumpingomo, ndine woyambitsa nyimbo, ndatsuka miphika pamaliro osawerengeka, koma ndinali ndisanamangepo duku pamutu pa munthu wina. Zinkandiwawa, ndisaname.

Mutu umene ndinauika pamtima unali wa mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa kamtsinje kathu. Ankakhala okha ndi agalu awo, kulima chimanga ndi repu, osapempha munthu kanthu. Amuna awo anamwalira atatupa mimba, kenako mlamu wawo anapitanso chimodzimodzi, ndiye anthu anayamba kunong'ona kuti mayiwo amathira mankhwala m'chakudya. Palibe amene anawaonapo akuthira. Komabe kuyambira pamenepo munthu sankalawa kanthu pakhomo pawo, ndipo azimayi anzanga akamayenda kolalikira ankalambalala njira ya kumeneko. Ine ndinati ameneyu ndiye wanga. Kutembenuza munthu wofatsa aliyense angathe, koma tsiku limene ndidzalowe ndi mayi amenewa m'tchalitchi, anthu adzandidziwa.

Ndinavutika nawo zaka. Loweruka lililonse limene ndapeza mpata ndinkakwinya chitenje, kuwoloka, kukaima kumapeto kwa bwalo lawo ndi Baibulo langa.

"Odi, amai!"

"Mwabwela futi, ba Yesu? Lelo mwanibweletsela chani, moto wa ku gehena?"

Tsiku lina anandithira madzi otsukira mbale, akuti sanandione. Tsiku lina anangoyang'ana galu wawo akundithamangitsa n'kundiluma, mpaka lero chipsera chili pakatumba. Ndikayamba kuwerenga vesi, iwo ankayamba kusinja mwamphamvu kuti mawu anga asamveke. Ndinkabwerera kunyumba mtima uli wakuda, amuna anga n'kumandiseka kuti ndikulalikira chulu. Koma Loweruka linalo ndinkapitanso.

Masiku amene adzuka bwino ankachita china. Ankalowa m'nyumba, kutuluka ndi jagi ya munkoyo, chakumwa chathu chija cha ufa ndi mizu, ndi kapu imodzi. Ankaziika pansi patsogolo panga, n'kupinda manja.

"Zikomo amai, nakhuta," ndinkatero.

"Niziba. Imwe ba chechi mumankhala okhuta masiku onse."

Musandiweruze msanga. Ndili ndi ana, ndipo maliro a amuna awo aja ndinagonapo, mimba ija ndinaiona ndi maso angawa. Ndani wa kwathu akanamwa?

Ndiye kunabwera mayi wa ku Silverest. Ankagwira ntchito ya muofesi ku Lusaka, anamanga nyumba ya mpanda wa njerwa, ndipo anayamba kupemphera nafe chifukwa anapeza kamunda kufupi ndi kwathu. Munthu wabwino, mwinatu, koma nyimbo zathu sankazidziwa, ankangogwedeza milomo. Baibulo ankawerengera pafoni. Duku lake pa tsiku la azimayi ankachita kumumangira anzake kuseri kwa tchalitchi, poti mutu wake unazolowera mawigi. Abusa atatigawa awiriawiri kuti tiziyenda m'makomo, mwayi woipa unandipatsa iyeyo.

Ndinapita naye kutsidya dala, ndinkafuna aone kuti ntchito ya Mulungu si kukhala m'galimoto. Galimotoyo tinaisiya pomwe msewu wathera, nsapato zake zinalowa m'matope, ine mtima uli mbee. Tinapeza mayi aja akusenda nyemba. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Manje mwayamba kubwela na mabwana? Uyu ni wa boma olo ni wa Yesu?"

"Ndine wa vonse viwili, amai. Muli bwanji?" anayankha mnzangayo, akuseka.

Mayiwo analowa m'nyumba, natuluka ndi jagi ija ndi kapu ija. Ndisanatsegule pakamwa kunena kuti takhuta, mnzangayo anali atagwada kale, wathira, wamwa. Ndinamutsina pantchafu, iye anangosuntha poyesa kuti ndi nyerere. Anapukuta pakamwa ndi dzanja.

"Awe, uyu ndiye munkoyo! Wa mu town ni manzi chabe. Ningamweko futi?"

Mayi aja, amene pakamwa pawo sipankasowa chonyoza, anayang'ana kapu, kuyang'ana mlendoyo. Kenako anathira okha kapu yachiwiri. Atatero anakatenga kampando n'kumupatsa. Ine zaka zonsezo ndinkalalikira chiimire.

Pobwerera ndinamuuza zonse, za amuna aja, za mlamu uja. Anaima m'njira, nagwira pamimba.

"Ba sisi, nanga simunaniuze bwanji?"

"Nenze nakutsinani."

Sabata imeneyo ndinkatchera khutu. Sindinkafuna kuti afe, Mulungu ndi mboni, koma kam'mimba pang'ono chabe, koti adziwe kuti kuno kuli eni ake. Lamulungu anafika ali gwa, wonenepa ngati kale. Loweruka lotsatira anapita kutsidya yekha, osandiuza, ndipo ndinamva kuti anamwanso, mpaka anadya ndi maungu. Anthu ankati ndi wolimba mtima. Kulimba mtima kwanji? Koyamba anamwa chifukwa sankadziwa, kachiwiri anamwa chifukwa anaona kuti sanafe.

Sikuti mayi aja anafewa tsiku lomwelo. Ndinamva kuti mnzangayonso ankamunyoza, kumuuza kuti Mulungu wake ndi wa anthu a magalimoto. Ine sindinaleke kupita, ndinkasankha masiku anga. Koma jagi ija sananditulutsirenso, ndipo ndikafika ankandifunsa chinthu chimodzi: "Munzanu ali kuti?"

Mvula itatha, Lamulungu lina tili pakati pa nyimbo, galimoto inaima panja. Analowa awiriwo, mayi wa kutsidya atavala chitenje chatsopano, nkhope ili yokwinya ngati abwera kumlandu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Abusa anasiya zimene anakonza, nalalikira za nkhosa yotayika, akuyang'ana mayi wa ku Silverest. Mkulu wina wampingo anachita kuimirira n'kunena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Dzina langa silinatchulidwe. Ndinakhala pamenepo chipsera chikundiyabwa, nsanje itandigwira.

Ndinakadandaula kwa amayi busa. Anandimvetsera bwino, kenako anandiuza kuti wina amabzala, wina amathirira, wokulitsa ndi Mulungu. Mawuwo ndimawadziwa, ndawawerengera anthu ambirimbiri. Koma amakoma ukamauza wina. Ndinawafunsa kuti nanga duku adzamanga ndani, wobzala kapena wothirira? Anati mwini mutu ndiye adzaloze.

Mpamene ndinayambanso kuyembekeza. Kalasi ya ubatizo imachitika pakati pa sabata, pamene mnzanga uja ali kuofesi ku Lusaka, ndiye amene ankawaperekeza mayiwo ndinali ine. Ndinawaphunzitsa mayankho a katekisimu, kuwabwereza mpaka analoweza. Ndinawaphunzitsa nyimbo. Ankandinyozabe m'njira, amvekere ndimayenda ngati bakha, koma ndinkati m'mene amachezera ndi momwemo. Atabatizidwa, duku lawo ndinalipinda m'mphepete ndi singano yanga, ndinalichapa, ndinalisita. Mumtima ndinkati munthu wamkulu ngati ameneyu sangaiwale amene analumidwa ndi galu chifukwa cha iye.

Tsiku lowaveka yunifolomu ndinakhala pabenchi yoyamba, zikhadabo nditawenga. Mayiwo anagwada kutsogolo movutikira, mawondo akulira. Bulauzi ndi duku zinali patebulo. Abusa anafunsa funso lija.

Mayiwo sanazengereze n'komwe. Dzanja lawo linadutsa pamwamba pa mutu wanga, kukaloza kumbuyo.

"Uja. Mwana wanga uja."

Mayi wa ku Silverest anabwera akulira. Amayi busa anandikodola ndi maso kuti ndiyambitse nyimbo, poti ndi ntchito yanga, ndipo ndinayambitsa. Mawu anatuluka bwinobwino, sindidziwa kuti anachokera kuti. Mnzangayo bulauzi anawaveka, mabatani anamanga. Vuto linafika pa duku. Analipinda molakwika, kulizunguliza, kumanga, duku linatsetsereka n'kuphimba diso. Anamasula, kuyambanso, linagwera paphewa. Atsikana a kwaya anayamba kutsinana. Ine ndinabwereza kolasi, kubwerezanso, manja akundiyabwa. Kachitatu atamanga, mfundo inakhala pamwamba pa khutu, nsonga imodzi ili njo ngati khutu la mbuzi.

Ndinalephera kupirira. Ndinasiyira anzanga nyimbo, kupita kutsogolo, n'kutambasula dzanja kuti ndingokonza mfundoyo basi. Mayiwo anandigwira pamkono asanatembenuke n'komwe. Dzanja la munthu wolima, linandifinya mpaka kuwawa.

"Musiyeni," anatero chapansipansi. "Olo ikhale yokhota, amange yeka."

Ndinabwerera pamalo panga, mpingo wonse ukuona, ndipo ndinamaliza nyimboyo.

Mayi wa ku Silverest masiku ano amabwera mwa apo ndi apo, ntchito inamuchulukira. Wowoloka kamtsinje kukawatenga mayi aja miyendo ikavuta ndine. Duku amamanga okha tsopano, ndipo amadziwa kumanga, ndinawaonapo akumanga mpango wa kumunda mowongoka bwino. Koma la kutchalitchi amaika mfundo pamwamba pa khutu, nsonga imodzi m'mwamba. Amakhala pabenchi ya patsogolo panga penipeni, ndiye nyimbo iliyonse ndimaiyambitsa ndikuyang'ana mfundo imeneyo.