Njinga ya Zishalo Ziwiri

Mwana wanga wamkazi atakwatiwa ku Jeremani, ine ukwatiwo sindinauvomere ndi mtima wonse. Kwathu ku Simlemba mkamwini timamudziwira kumunda. Alime, amange chigafa, asenze fodya, ndiye tidziwe ngati mwana wathu azigona ndi njala kapena ayi. Koma uyu ndinkangomuonera pafoni, akumwetulira, manja osalala ngati a khanda. Choncho atanditumizira tikiti ya ndege, ndinanyamuka ndi cholinga chimodzi basi, kukamuyesa.

Nditafika, Loweruka lina mkamwini anati tikaone nyanja ina yaing'ono kuseri kwa mapiri. Mwana wanga anali woyembekezera, ndiye anati atsogola pabasi ndi zakudya, ife awiri tibwere panjinga. Njinga ine sindiiopa. Ndapalasapo mpaka ku Kaluluma thumba la feteleza lili pakaliyala. Koma imene mkamwini anatulutsa tsikulo ndinali ndisanaionepo: njinga imodzi, zishalo ziwiri, mapedulo anayi.

Ndinamukokera mwana wanga kukhitchini n'kumufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Kwathu mpongozi ndi mkamwini akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndiye ine ndikhale tsiku lonse mphuno ili pamsana pa mkamwini? Iye anangoseka, n'kunena kuti kuno kulibe wa kumpingo woti andione. Ndinavala buluku la mwana wangayo, chitenje pamwamba, n'kukwera kumbuyo ndikung'ung'udza.

Ulendowo unakoma, ndisaname. Msewu wa njinga zokhazokha, wopanda mchenga, wopanda mbuzi zodumphira kutsogolo. Minda ya tirigu mbali zonse, koma munthu wogwira khasu osamuona. Aliyense amene tinkakumana naye ndinkamupatsa moni. Ena ankayankha, ena ankangondiyang'ana ngati ndawapempha mchere.

Kenako tinafika pachitunda chachitali. Apa ndi pamene nzeru inandibwerera. Ndinati mumtima, munda wake ndi uno. Ndinachotsa mapazi pamapedulo, n'kuwasanjika pachitsulo chapakati, n'kukhala phee ngati belo la fodya. Ndipotu ine si munthu wochepa thupi.

Khosi lake linafiira psuu, malaya ananyowa, njinga ikudzandira uku ndi uku. Ndinkadikira kuti acheuke, adandaule, kapena atsike n'kunamizira tcheni. Sanacheuke. Anangofunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka: "Amayi, muli bwino kumbuyoko?" Ndinayankha kuti ndili bwino kwambiri, ndipo chinali chilungamo.

Nyanjayo tinaipeza. Madzi ake ozizira moti ndinangoviika chala n'kuthokoza. Abakha ali yakaliyakali, azungu atagona padzuwa ngati makaka oyanika. Mkamwini anadzigwetsa paudzu miyendo ikunjenjemera, koma ataona mkazi wake akubwera ndi dengu, anadzuka n'kukamulandira. Anayala nsalu, anandipatsa ine mbale yoyamba ndi manja awiri, kenako anapita kukasambira.

Titatsala awiri, ndinamunong'oneza mwana wanga zimene ndinachita pachitunda, uku ndikudzitama. Iye anapitiriza kudula buledi.

"Wandiuza kale," anatero. "Akuti amaona mthunzi wanu pamsewu, miyendo ili m'mwamba. Wandipempha kuti ndisakuuzeni, mungachite manyazi."

Ndinaseka mpaka misozi, koma misoziyo sinasiye pamene kuseka kunatha. Mtima unakhala pansi, inde, chifukwa mwana wanga anapeza munthu. Koma ndinamvanso chisoni chachikulu. Pansi pamtima ndinkayembekezera kuti ndikamupeza ali waulesi, ndidzanena kuti longedza, tiye kwathu. Tsopano chonenera ndinalibe. Mdzukulu wanga adzabadwira kuno, adzakulira kuno, ndipo nyengo yothyola fodya izindipeza ndekha m'chigafa.

Dzuwa litapendeka mkamwini anandigwirira njinga kuti ndikwere. Pobwerera ndinapalasa njira yonse, ngakhale potsetsereka.