Ng'ombe za Mbumba ndi Inki Yoyera

Mwana wa mlongo wanga anabwera kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda mvula isanayambe, nandipeza ndikusoka matumba pakhonde. Ndi mayi wa ana awiri, banja lake linatha, ndipo nthawi imeneyo ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa Katete. Anakhala pansi natulutsa foni.

"Amalume, mabelo a salaula andikwana. Ndikufuna kuyamba kudinda masikipa."

Anati makwaya, matimu a mpira, ngakhale anthu opita ku mwambo wa Kulamba, ambiri amatumiza masikipa awo ku Chipata kuti akawadinde. Makina anali atawapeza kale kwa wogulitsa wina wa ku Lusaka, aang'ono ndi aakulu. Chimene chinkasowa ndi mawu anga. Makinawo akanagulidwa ndi ng'ombe za mbumba yathu, ndipo kwathu ng'ombe zotere sizituluka m'khola malume asanalole. Womasula ng'ombe ndiye amafunsidwanso zikalowa m'madzi. N'chifukwa chake anati ndisankhe ndine.

Ine sukulu ndinaiyamba ndevu zitayamba kumera. Amene analowa m'malo mwanga kumunda ndi kubusa anali mlongo wanga, mayi ake a mwanayu, ndipo iye m'kalasi sanapondemo. Nkhaniyi sitinaikambepo awirife. Koma mwana wake akandipempha kanthu, sindimatha kumukaniza.

Anamuimbira wogulitsa uja, nkhope yake n'kuonekera pafoni. Anali mnyamata wolankhula mothamanga, Chinyanja cha m'tauni. Anayamba kutionetsa makina aang'ono. Amenewo amadinda papepala, kenako pepalalo amalitsindira pa sikipa ndi chitsulo chamoto. Amagwira pa nsalu za nayiloni zowala zokha, koma anati ungawasiye mwezi wathunthu osadandaula. Kenako anatembenuzira foni ku makina aakulu. Anayala sikipa yakuda pa thabwa lake, thabwalo linalowa m'kati, ndipo potuluka panali nkhope ya mwana, yooneka mpaka mano.

"Iyi ilemba pa nsalu penipeni, amdala. Koma ifuna kotoni. Thonje. Nayiloni siigwira bwino."

Atangoti thonje, mtima wanga unasankha mutu usanaganize. Thonje ndalilima moyo wanga wonse. Ndalipopera mankhwala mpaka maso kufiira, ndalitola mpaka zala kung'ambika, ndipo chaka ndi chaka ndinkangoliona likukwera lole osadziwa kumene limathera. Apa panali makina okana nsalu ina iliyonse, ofuna yanga yokha.

"Koma mveleni bwino," anatero mnyamatayo. "Inki yoyera ni yovuta. Ikankhala chabe, iuma mu mutu wa mashini, motulukila inki. Tsiku na tsiku mufunika kuigwedeza na kuyasha mashini, olo kulibe kasitomala."

"Mwamvatu, amalume?" anandifunsa mwana wa mlongo wanga. "Tsiku lililonse."

Ndinaseka. "Mwanawe, ine ndinayamba kutsegula khola ndisanavale kabudula. Unaonapo ng'ombe ikupuma Lamulungu?"

"Ng'ombe mukachoka mumasiyira anansi."

"Awanso tidzasiyira anansi. Tenga aakuluwo."

Ng'ombe zinapita, n'kutsala ziwiri zolimira. Makina anafika m'bokosi lalikulu ngati la maliro, ndipo tinawaika m'kashopu kena kufupi ndi msewu waukulu pa Katete, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa zitenje. Mwanayo anandiphunzitsa ntchito ya m'mawa, poti amati munthu mmodzi sakwana. Umatulutsa botolo la inki yoyera, umaligwedeza mpaka mkono kuwawa, chifukwa inkiyo imadikha pansi ngati ufa m'madzi. Umayatsa makina, umadina batani, ndipo amalemba timizere ta mitundu yonse. Timizere tikatuluka tosaduka, ndiye kuti mutu uli moyo.

Ntchito inayamba pang'onopang'ono. Anyamata a mpira ankabwera ndi majezi awo a nayiloni, ife n'kuwabweza, iwo n'kumapita akutukwana. Koma amayi a kwaya anabwera, enanso ofuna masikipa akuda a chikumbutso cha malemu, okhala ndi nkhope ndi malemba oyera. Amenewo ndiwo ankadyetsa ana aja.

Mvula ili m'kati, uthenga unafika kuti mlongo wanga wadwala ku Vubwi, kumene anatengedwa chitengwa kalekale. Mwana wake ananyamuka kukadwazika, ana n'kuwatenga.

"Masiku ochepa chabe, amalume. Muzingowadzutsa m'mawa."

Ndinasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu. Masiku ochepawo anasanduka masabata. M'mawa ndinkagwedeza botolo, kuyatsa makina, kuyang'ana timizere. Malaiti akathima ndinkakhala pampando chitseko chili pululu, kudikira, chifukwa sindinkadziwa ola limene abwerere, ndipo ndikawaphonya ndiye kuti tsiku lapita. Ngakhale kumsika ndinkapita mothamanga. Kumunda kwanga ku Sinda udzu unapitirira chimanga. Minibasi zinkadutsa pamaso panga tsiku lonse, anyamata akukuwa Chipata, Chipata, ine ndili pakhomo ngati mbuzi yapachingwe.

Ndipamene ndinayamba kufuna wondigwirira. Ndinayamba ndi wometa uja.

"Amdala, ndibweretsereni ng'ombe, ndikudyetserani mpaka inenepe," anatero, uku akumeta munthu. "Koma icho ayi. Chikafera m'manja mwanga mudzati ndachilodza."

"N'kugwedeza botolo chabe, mwanawe."

"Botolo lomwe linadya khola lonse? Gwedezani nokha."

Mayi wa zitenje anakana ndisanamalize n'komwe kulankhula. Mkulu wa mpingo wathu anabwera, anawayang'ana makinawo manja ali kumbuyo, nati adzawapempherera. Kumudzi munthu ukamva za matenda umangofuulira wa nyumba yoyandikana kuti aone khola, n'kunyamuka. Palibe amakana, chifukwa aliyense ng'ombe amaidziwa, ndipo ikafa amadziwa chimene chaipha. Ichi palibe ankachidziwa, ndipo palibe ankafuna kuti dzina lake lidzatchulidwe pa mlandu wa mbumba ya eni.

Tsiku lina masana foni inalira. Anali mwana uja, koma anangoti, "Lankhulani nawo," n'kupereka kwa mayi ake. Mawu a mlongo wanga anali aang'ono, ngati akuchokera m'mtsuko.

"Alongo, kodi makinawo mwawakwatira?"

"Ndibwera, alongo. Ndikungofuna wowasiyira."

"Bwerani ndikadali ndi maso. Mitembo siicheza."

Ndinamuimbira mnyamata wa ku Lusaka kumufunsa ngati makina angapirire. Anati masiku ochepa kwambiri, kupitirira apo ndi mwayi wanga. Ndinawerengera kuti ndipita, ndigona kamodzi, ndibwerera. M'mawa mwake ndinagwedeza botolo kuposa masiku onse, ndinaona timizere, ndinafunditsa makina chitenje, n'kutseka.

Njira ya ku Vubwi nthawi ya dzinja siimva mawerengero a munthu. Galimoto yathu inatitimira m'matope kupitirira Chadiza, ndipo tinagona m'njira. Ndinafika mawa lake dzuwa litapendeka. Mlongo wanga ndinamupeza. Anandigwira dzanja, nandifunsa ngati ndadya, nandiseka kuti ndaonda ngati munthu wosunga mkazi wovuta. Ndinati ndigone kawiri m'malo mwa kamodzi. Tsiku limene ndinati ndinyamuke ndi limene anatisiya.

Mwini mbumba sachoka pamaliro a mlongo wake. Ndine ndinayenera kukambirana ndi akuchimuna za kumene akagone, ndine ndinayenera kulandira abale ochokera ku Sinda, ku Malawi ndi ku Mozambiki, amene mvula inawachedwetsa. Titaika, panatsala kusesa ndi kugawa zovala, ndipo zonsezo zinkadikira pakamwa panga. Ndinkakhala pakati pa madoda, anthu akundipepesa, ine mutu uli pa botolo limene likudikha m'kashopu kotseka. Ndinkadzida nazo, koma maganizowo sankachoka. Mwana uja ankandipatsa madzi atagwada, maso atatupa. Za makina sanatchule, inenso sindinatchule.

Titabwerera ku Katete, anavundukula chitenje yekha. Anagwedeza botolo nthawi yaitali, nayatsa, nadina batani. Timizere tofiira, tachikasu, tobiriwira ndi takuda tinatuluka, tina toduka pang'ono. Pamalo pa toyera panalibe kanthu. Anatsuka mutu ndi mankhwala ake, nayesanso, nayesanso mpaka madzulo. Mnyamata wa ku Lusaka atayang'ana pafoni anapukusa mutu.

"Yauma iyo, amdala. Mufunika mutu wina."

Anatchula mtengo. Ine ndinaumva m'ng'ombe, ndipo unakwana ndendende ziwiri zotsala zija.

Kuyambira pamenepo tikudinda pa masikipa oyera okha, poti pa nsalu yakuda popanda inki yoyera chithunzi sichioneka. Ofuna masikipa akuda anabwerera ku Chipata. Ana aja nsapato zawathina. Makinawo timawadzutsabe m'mawa uliwonse kuti mitundu inayo isaumenso, ndipo mwanayo akapita kukaoda masikipa, wotsala pakhomo ndine.

Ng'ombe ziwirizo zimalimira mbumba yonse, amasiye ndi okalamba omwe. Zikapita, onsewo abwerera ku khasu. Zikatsala, khola lonse lija lingokhala pansi pa chitenje, lamoyo theka. Mwana wa mlongo wanga sanandipemphe. Anangoti tsiku lina, akupinda masikipa osandiyang'ana, "Amalume, mawu ndi anu."

Mitambo yayambanso kusonkhana cha ku Mkaika. Dzulo kunabwera munthu wa kumudzi pa njinga, wotumidwa ndi amayi a mbumba kudzafunsa ngati akonze goli, kapena ayambe kunola makasu. Ndinamupatsa madzi akumwa, ndinamufunsa za odwala ndi za mbewu. Atafunsanso kachiwiri ndinamuuza kuti malaiti abwera, ndiyambe ndaona makina, ndipo ndinalowa m'kati. Anadikira panja mpaka dzuwa linapendeka, kenako ndinamva njinga yake ikuchoka.