Ulusi wa Chitenje pa Mphuno za Galimoto

Mwana wanga anabadwa mu Novembala ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, sinowo atayamba kale kugwa. Kuyambira tsiku limene tinatuluka m'chipatala, dziko langa linali chipinda chogona, khitchini, ndi zenera loyang'ana poimika magalimoto. Tinkachita lendi m'nyumba yosanja, ife pamwamba. Bambo a mwana ankagwira ntchito kumalo osamalirako okalamba, nthawi zina m'mawa, nthawi zina masana, ine n'kumatsala ndi khanda ndi phokoso la hita yotenthetsa m'nyumba. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, Chingerezi changa chinali choperewera, moti munthu akagogoda ndinkangoti zii mpaka achoke. Tsiku lonse ndinkayenda kuchoka pazenera kupita kukhitchini, kuchoka kukhitchini kubwerera pazenera, mwana ali paphewa, ngati munthu wodikira basi imene sakudziwa ngati ibwere.

Nthawi imeneyo amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, anali ku Indianapolis. Anabwera kudzacheza kwa mwana wawo wamkazi, namwino, amene ankakhala cha ku Lafayette Road. Mayi anga kumudzi zithunzi za mdzukulu wawo ankaziona pafoni ya aphunzitsi oyandikana nawo, koma anandiuza kuti chithunzi sichilemera. Ankafuna kuti akulu awo amunyamule mwanayo m'manja, amuone m'maso, amve kulira kwake, kenaka akafike kumudzi akawauze. Nthawi iliyonse ndikaimba, funso linali lomwelo: mwapita?

Sitinapite. Ulendo woyamba msewu unatsekeka ndi sinowo. Wachiwiri mwana anali ndi chifuwa. Kenaka kuntchito anawasinthira shifiti bambo ake. Amayi aakulu sakanabwera okha, mwana wawo ankagwira ntchito masiku ambiri, ndiponso mwana ndi amene amapita kwa akulu. Miyezi inatha choncho, mpaka tinamva kuti akukwera ndege Lamlungu m'mamawa, ndipo Loweruka anthu a kwathu akumana kunyumbako kudzatsanzikana nawo. Chikwama cha matewera ndinalongedza Lachinayi n'kuchiika pakhomo.

Koma panali nkhani ya galimoto.

Galimoto yathu inali yakale, yofiira moderako, yogula kwa munthu. Kutsogolo, m'munsi mwa bampala, mbali iyi ndi iyo, inali ndi mabowo awiri otchingidwa ndi mapulasitiki akuda a timizere. Bambo a mwana anandiuza kuti mphepo imalowera m'menemo kukaziziritsa mabuleki. Dzina lake la Chingerezi linkandithawa, ndinkangoti mphuno za galimoto, iwonso anazolowera kutero. Mchere umene amawaza m'misewu nthawi yozizira unali utazituwitsa, zikuoneka ngati zigongono za munthu wosadzola.

Mwana asanabadwe tinapitako ku Indianapolis kumapemphero. Atatha, azibambo anaima panja mozungulira magalimoto monga amachitira, manja m'matumba. Mmodzi analoza mphunozo ndi nsapato n'kunena kuti galimoto ya achimwene yamera imvi, aipatse penshoni. Onse anaseka, bambo a mwana anasekanso. Azibambo ajawo ambiri anali anamwino ndi aphunzitsi a ku yunivesite. Amuna anga ntchito yawo inali yonyamula ndi kusambitsa okalamba, ndipo sankaichitira manyazi, koma nthabwala ija inawakhala. Ndiye Lachinayi lomwelo anabwera ndi zitini ziwiri za penti wopopera ndi sandipepa, n'kunena kuti tipita Loweruka, koma tipita ngati anthu.

Lachisanu m'mawa kunali kadzuwa kopanda mphamvu. Ndinamufunditsa mwana n'kutsika naye kukaonerera. Bambo ake anayala katoni pansi, anapinda chiwongolero kuti tayala lipereke mpata, n'kugona chammbali kumasula kasikuluwu kobisika kuseri. Kenaka anakulunga tepi kunsonga ya sikuludiraiva kuti isakande bampala, anailowetsa m'mphepete mwa pulasitiki n'kumatukula pang'onopang'ono. Timano togwira m'kati tinkamasuka kamodzikamodzi, thu, thu. Ya kumanzere inachoka bwino. Ya kumanja inakana, anailimbana nayo akung'ung'udza, ine mtima uli m'mwamba kuti ikathyoka ndiye kuti ulendo wathyokanso. Itachoka, galimoto inatsala ndi mabowo awiri akuda, ngati mwana wa magweru.

Kutsuka ndinatsuka ine, m'bafa, ndi sopo wa mbale ndi mswachi wakale. Munatuluka matope, timiyala, ndi phiko la kachilombo. Zitauma ndinazikwecha ndi sandipepa mpaka zinasiya kuterera, iwo akuti penti sagwira pamalo osalala. Ndinkakwecha mofulumira, akundiuza kuti ndifatse.

Kupopera anapoperera pakhonde lathu laling'ono, chitseko atatseka chifukwa cha fungo. Ine ndinkaonera pagalasi. Anayamba ndi wotuwa wothandiza kuti wakuda agwire, kenaka wakudayo, mopyapyala, dzanja likuyenda uku ndi uku. Akapopera ankaima, kuyang'ana nthawi pafoni, kudikira, kupoperanso. Kudikirako ndi kumene kunkandidya. Ndinkapita kukhitchini, kutsegula kabati, kutseka osatengamo kanthu, kubwerera pagalasi. Pomaliza mphuno zija zinali zakuda bii, zonyezimira, ndipo ndinaona amuna anga akumwetulira okha.

Polowa anandiuza kuti pentiyu amafuna kunja kotentha, ndiye poti kukuzizira achedwa kuuma. Zigone pakhonde pompo, m'mawa azibwezeretsa tizinyamuka. Anati ndisazikhudze. Anasamba, anavala yunifolomu, anapita ku shifiti ya masana.

Atangochoka kunayamba mphepo. Inkanyamula masamba ouma a chaka chatha ndi timchenga ta poimika magalimoto n'kumazizunguza m'mwamba. Tsamba limodzi linatera pakatoni, pafupi kwambiri. Ndinatuluka, ndinalichotsa, ndinalowa. Linabwera lina. Kuzilowetsa m'nyumba sindikanatha chifukwa fungo likanamupweteka mwana. Ndinagwira pakatoni pamene penti anadonthera, chala chinabwera choyera, ndiye ndinati pamwamba pauma.

Kwathu chinthu chabwino sichikhala poyera. Mbale zotsuka timavundikira, wailesi ili ndi kansalu kake, makina osokera a mayi anga sanagonepo osafunda. Ufa ukayanikidwa mphepo n'kuyamba, munthu sufunsa, umathamangira nsalu. Ndinatenga chitenje chimene mayi anandipatsa ponyamuka, cha maluwa achikasu ndi obiriwira, ndinachiyala bwinobwino pamwamba pa mphuno zonse ziwiri, m'makona n'kutsindira ndi nsapato. Ndi dzanja sindinazikhudze. Ndinalowa m'nyumba mtima utakhala pansi koyamba tsiku limenelo.

Loweruka ndinadzuka kusanache bwino, ndinamusambitsa mwana, ndinaphika tiyi. Bambo ake anatuluka pakhonde atanyamula kapu. Ndinawaona akuima, akuika kapu pansi, akugwira kona ya chitenje. Pokoka chinalira ngati munthu akumatula pulasitala pachilonda. Penti yense anali atadindika timabokosi ta nsalu, ndipo m'timizere monse munali mutakakamira ulusi wachikasu ndi wobiriwira.

Anagwada n'kuziyang'anitsitsa.

"Mayi a mwana, apa mwatani?"

"Kunali fumbi."

Sanakalipe. Akanakalipa mwina zikanandipepukira. Anangofotokoza motsitsa mawu, akuyang'ana mphunozo, kuti tsopano mpofunika kudikira penti alimbe, kukwechanso mpaka pansi, kupoperanso, kudikiranso. Zimenezo si za lero. Kupita ndi mabowo apululu sakanatha, kupita ndi ulusi ndiye kuposa imvi zija. Anati amayi aakulu tiwaimbira pa vidiyo, mwana amuona bwinobwino, tiwapepesa kuti galimoto yavuta.

Sindinazolowere kuyankha. Ndinalowa kuchipinda, ndinatuluka, ndinasuntha chikwama cha matewera n'kuchibwezera pomwe chinali. Ndinayamwitsa mwana choimirira. Pazenera ndinkaiona galimoto ili pansipo ndi magweru ake, injini yabwinobwino, matayala abwinobwino, mafuta atathira dzulo lake. Ndinaganiza za mayi anga akupita kukawachingamira akulu awo pa siteji, akuwalandira chikwama, akufunsa asanafike n'kunyumba komwe.

Bambo a mwana atalowa m'bafa, ndinamuveka mwana chipewa ndi jekete. Ndinakulunga mphuno zija m'chitenje chomwecho, chikwama paphewa, makiyi m'dzanja, ndinatsika masitepe. Mwana ndinamumangirira pakampando kake kumbuyo. Kenaka ndinagwada pa simenti yonyowa kutsogolo kwa galimoto n'kuyamba kulowetsa mphuno imodzi m'bowo lake. Inkalowa mbali imodzi, mbali ina n'kutuluka. Ndinaitembenuza, ndinakankha, inakana.

Ndinamva masilipasi kumbuyo kwanga.

"Imeneyo ndi ya kumanja. Mwasemphanitsa."

Ndinasintha, osadzutsa mutu. Bambo a mwana anaima pomwepo, thaulo lili m'khosi. Patapita kanthawi anati anthu aja ndikuwadziwa, akaseka mpaka chaka chamawa.

Ndinayankha ndikuyang'ana tayala, chifukwa kumaso sindikanatha. "Akaseke ine, ndafunditsa ndine. Koma amayi aakulu akakwera ndege mawa osamunyamula mwanayu, mayi anga ndikawauza chiyani? Kuti timadikira penti?"

Mwana anayamba kulira m'galimoto. Bambo ake anayang'ana kumeneko, anayang'ana maondo anga onyowa, kenaka ananjuta pambali panga n'kundilanda pulasitikiyo. Anandionetsa kuti timano ta m'munsi timayamba kulowa, kenaka umakankha pamwamba ndi chikhatho. Inalira khethe, khethe. Inayo anati ndikankhe ine, ndipo inalowa. Penti anali akadali wofewa m'kati, moti zala zathu zinadindikanso pamwamba pa timabokosi ta nsalu. Anagona pansi kumanga masikuluwu, anadzuka, anaima patali pang'ono n'kuyang'ana, anapukusa mutu, n'kukwera kukavala.

Msewu wochoka ku South Bend kupita ku Indianapolis ndi wowongoka, wodutsa m'minda yafulati ya ziputu za chimanga. Tsiku limenelo unanditalikira kuposa kale. Ndinakhala kumbuyo ndi mwana, phazi langa likuponda pansi lokha ngati pali chopondera. Tinaima cha ku Kokomo kusintha thewera, ine ndikuchita zonse mothamanga, kuopa kuti tikakhalitsa amuna anga atsika, ayang'ananso kutsogolo kwa galimoto n'kusintha maganizo. Anatsikadi, anayang'ana, anazula kaulusi kamodzi, koma anabwerera pachiwongolero.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Magalimoto anali atadzaza kale, azibambo ataima panja, manja m'matumba. Bambo a mwana anadutsa malo abwino awiri, n'kukaimika kumapeto kwenikweni, mphuno zitagunda mpanda wa maluwa. Wina anawafuulira kuti achimwene mwasowatu, kapena munatidiliti mufoni. Iwo anaseka, anapereka moni, n'kukatsamira pambali pa galimoto yawo, chakutsogolo.

Ine ndinalowa m'nyumba. Munali azimayi ambiri ndi ana othamangathamanga, ofunsidwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi. Ndinagwada pafupi ndi mpando wa amayi aakulu, moni ndisanamalize n'komwe iwo anali atatambasula kale manja. Anamuvula chipewa, anamusisita paliwombo, anamuyang'ana zala za kumapazi. Anamukweza m'mwamba n'kumutsitsa, kumukwezanso, ngati akuyesa kathumba ka mtedza pamsika. Anati mphumi ndi ya agogo ake aamuna, ndipo akanena kumudzi kuti mkono unachita kuwawa. Mwana anawayang'anitsitsa, kenaka analira kulira kwake konse, iwo n'kumati eya, ndimafuna ndimve kameneko.

Anapempha nsalu yoti amubereke. M'chikwama munali chitenje chimodzi chokha, chija ndinakulungira mphuno. Atachitambasula anaona mabala akuda awiri, aatali, a timizere.

"Iwe mwanawe, nsaluyi tinakagula limodzi ndi mayi ako. Waitani?"

Ndinawafotokozera motsitsa mawu, koma azimayi oyandikira anamva, nkhani n'kufalikira mpaka kukhitchini. Anaseka mpaka wina anapukuta misozi. Mmodzi anati iye atangofika kumene anafunditsapo kompyuta ya amuna ake ili yoyaka. Amayi aakulu anangoti fumbi likanalowa akanakudzudzulanso, ndiye bola nsalu. Anawerama, ndinawaikira mwana kumsana, anamanga chitenjecho mabala ali kunja.

Sanamupereke kwa wina aliyense tsiku limenelo. Anatuluka naye panja n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa magalimoto, uku ndi uku, akumugwedeza, akumuyankhula zinthu zimene sindinkazimva. Anafika mpaka kumapeto kumene bambo a mwana anali atatsamira, anaima, anasuzumira kuseri kwa mpanda wa maluwa. Sindikudziwa chimene anawauza, koma ndinaona amuna anga akukanda m'mutu, akuseka, kenaka akuchoka pagalimoto paja kuwaperekeza.

Wina anandipatsa mbale ya mpunga ndi mpando pafupi ndi zenera. Ndinakhala. Penti anali akadali m'zikhadabo zanga. Ndinadya zonse ndili pampando womwewo, osadzuka, ndikuonera chitenje cha mayi anga chikupita n'kumabwerera panjapo, kamutu ka mwana katagonera kumbali.