Buku Losankhidwa pa Sikelo

Chaka chimene tinkamanga chiliza cha amayi, ndinadzipatsa ndekha ntchito imene palibe anandituma: kukonza kabuku ka ndondomeko ya mwambowo, kokhala ndi nyimbo, mbiri yawo ndi chithunzi chawo pachikuto. Amayi anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndipo pepala lokhalo limene linkawadziwa linali la ku esiteti, pomwe ankalembedwa ngati nambala. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha nkhope yawo ikhale papepala mwaulemu, anthu aigwire m'manja.

Kompyuta ndinabwereka ku ofesi ya mpingo, ndipo munali pulogalamu yoyalira masamba a mabuku. Kutaipa ndimatha, ndinadyera ntchito imeneyo zaka zambiri. Koma pulogalamuyo inali yamwano. Ndikaika chithunzi pachikuto, mawu onse ankathawira tsamba lachitatu. Ndikawabweza, amayi ankapezeka atakhala pakati pa nyimbo yachiwiri, atafutukuka m'mbali ngati mkazi wa bwana, chonsecho anali munthu wowonda ngati bango. Ndinapsa mtima mpaka ndinailalatira kompyuta ya mpingo mawu osayenera katundu wa mpingo.

Mlembi wa mpingowo anandiuza kuti pamsika wa Limbuli pali bambo wogulitsa mabuku akale, ndipo ena mwa mabukuwo amaphunzitsa zimenezi. Kulakwa kwanga kunali kutchula nkhaniyi pamsonkhano wa banja. Kwathu chilichonse chokhudza chiliza sichigulidwa popanda mwini mbumba. Simenti anasankha ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Mbuzi anasankha ndi iwo. Atamva za buku anangoti, "Tipitira limodzi Loweruka," nkhani n'kuthera pomwepo.

Atsibweni anapuma pa ntchito ya ukalaliki woyeza masamba a tiyi, koma ntchitoyo sinapume mwa iwo. Amakhulupirira kuti choonadi cha chinthu chili m'kulemera kwake. Mukawapatsa khanda, amayamba aliyeza m'manja asanafunse ngati ndi lalimuna kapena lalikazi. M'thumba la jekete lawo simusowa kasikelo kokolowekera.

Mabukuwo tinawapeza atayalidwa pachiguduli, pafupi ndi ogulitsa matayala a njinga. Okhudza nkhani yanga anali atatu. Loyamba linali kabuku kopyapyala ka Chingerezi, zithunzi zake zofanana ndendende ndi zimene ndinkaona pa kompyuta ija. Lachiwiri linkayambira pakati, masamba oyambirira atapita kale kokulungira mandasi. Lachitatu linali chibuku chachikulu ngati njerwa ziwiri, chochokera kutsidya kwa malire.

"Atsibweni, koyenera ndi aka," ndinatero nditanyamula kopyapyala kaja.

Anakalandira, anakaika pachikhatho, n'kupukusa mutu. "Aka ndi kamphepo, mwanawe. Wolemba aka analibe zonena."

Anapempha jumbo kwa wogulitsayo, anatulutsa kasikelo kawo, n'kuyamba kukoloweka mabukuwo limodzilimodzi. Anthu anasonkhana. Mayi wina wogulitsa nandolo anasiya malonda ake kudzachitira umboni. Chibuku chija chitakwera, jumbo inang'ambika, khamu lonse n'kung'ung'udza movomereza.

"Komatu ndi la Chipwitikizi limenelo," ndinawadandaulira.

"Nanga makolo athu anachokera kuti? Ndizikuwerengera ine."

Pagulu sungatsutsane ndi mwini mbumba. Ndinachisenza pamutu chibukucho mpaka pokwerera kabaza.

Kuyambira Lolemba atsibweni ankabwera masana aliwonse, atavala jekete ndi magalasi. Ankatsegula tsamba, kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka n'kutsokomola.

"Apa akuti munthu asamapupulume."

Ndinadikira zina, koma anatembenuza tsamba.

"Apa akuti chilichonse chimafuna dongosolo."

Tsiku lachitatu bukulo linati mwana azimvera akuluakulu. Lachinayi linadzudzula akazi ovala mathalauza. Apo m'pamene ndinavomereza zimene ndinkadziwa kale, zoti Chipwitikizi cha atsibweni n'chopatsira moni ndi kunenerera mtengo wa shuga pamalire, basi. Mwambo unali utatsala sabata ziwiri, ndipo amayi anali adakali pakati pa nyimbo yachiwiri, ali onenepa.

Ndinazemba kubwerera ku Limbuli kukafuna kopyapyala kaja. Wogulitsayo anandiuza kuti kanatengedwa ndi mayi wokazinga mtedza, chifukwa mapepala ake amapindika bwino. Ndinalira panjira, kulira kwenikweni, kwa mkwiyo ndi manyazi. Ndinaona kuti ndawalephera amayi pa kanthu kamodzi kokha kamene ndinawalonjeza mumtima.

Tsiku lotsatira, atsibweni ali mkati momasulira tsamba lina lokhudza ulesi wa ana amakono, maso anga anagwera pa chithunzi cha patsambalo. Mawu ake anali achilendo, koma anakhala pamalo omwewo pamene pamakhala mawu a Chingerezi pa kompyuta yanga, pamzere wa pamwamba pa pulogalamuyo. Muvi wofiira unkaloza liwu lachinayi kuchokera kumanzere, n'kutsika mpaka lachisanu.

"Atsibweni, siyani kuwerenga. Tandiwerengerani mizere, ngati ya m'munda wa tiyi."

Anavula magalasi, poti sankawathandiza chilichonse, n'kuika chala pachithunzi. Pa ntchito imeneyo palibe angawapose. "Mzere wachinayi, tsika kasanu. Wachiwiri, tsika katatu. Usadumphe, ndakuona." Ine ndinkangodina pamene anena, osadziwa dzina la chimene ndikudina m'chinenero chilichonse. Tinayenda choncho masiku asanu ndi limodzi, kulakwitsa, kukangana, kubwerera poyambira. Tsiku lina tinadina molakwika amayi n'kukhala asanu ndi atatu patsamba limodzi. Koma Lachisanu masana mawu anakhazikika m'malo mwake, ndipo amayi anaima pachikuto okha, owonda monga analili, duku lawo litapendekeka pang'ono.

Atsibweni anauza mudzi wonse kuti chagwira ntchito ndi Chipwitikizi chawo. Sindinawatsutse.

Timabukuto tinakasindikiza ku Nkando. M'mawa wa tsiku la mwambo, anthu asanayambe kufika, ndinawapatsa atsibweni koyambirira, monga mwa mwambo wake. Kanali ka masamba asanu ndi atatu okha. Ndinawaona akukaika pachikhatho, dzanja likukwera ndi kutsika, ndipo ndinakonzeratu yankho loti ndiwabwezere akangoti ndi kamphepo.

Sananene zimenezo. Anayang'ana nkhope ya mlongo wawo nthawi yaitali.

"Zaka zonse zija ankabwera pa sikelo yanga atawerama ndi dengu kumsana," anatero motsitsa mawu. "Ine maso anali pa muvi wa sikelo. Sindikukumbuka kuti ndinamuyang'anapo kumaso."

Dzanja linakweranso kamodzi n'kutsika.

"Lero wapepuka, mlongo wanga."

Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kasikelo kaja n'kukasiya pabenchi. M'thumbamo analowetsamo kabukuko, n'kumanga batani.