Gadiyani wa Galu Wodwala

Kwathu munthu sagona m'chipatala yekha. Akamugoneka m'wodi, pansi pa bedi lake pamayalidwa chitenje, ndipo pachitenjepo pamagona gadiyani, wachibale amene wasiya zake zonse kuti adwazike mnzakeyo. Iyeyo ndiye amaphika phala kuseri kwa chipatala, kumusambitsa wodwala, kumutembenuza, ndi kuthamangira anesi diripi ikatha. Amayi anga atagonekedwa ndi matenda amene anawatenga, gadiyani ndinayenera kukhala ine, chifukwa ndine woyamba kubadwa. Koma ine ndinali ku Dublin kuno, m'kachipinda ku Citywest, kudikira mapepala. Munthu wopempha malo othawirako sabwerera kwawo, akangokwera ndege nkhani yake yathera pomwepo. Pansi pa bedi la amayi panagona mng'ono wanga, ndipo ndiye anawaona akutsirizika. Ine ndinangomvera pa foni.

Kuchokera pamenepo ine ndi mng'ono wanga tinkacheza nkhani zonse, za feteleza, za ana ake, za denga lodontha, koma za m'wodi muja sindinkafunsa. Iyenso sankaziyamba. Ndinkafunitsitsa kudziwa mmene amayi anathera masiku awo omaliza, komabe ndinkaopa kumva kuti ankandiitana ine osabwera.

Mapepala anatuluka mochedwa, ntchito yake itapita kale. Ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku Santry, ndi chipinda ku Ballymun m'nyumba imene ndinkakhala ndi mayi wina wa ku Lilongwe, wolongolola koma wamtima wabwino. Masiku opuma ndiwo ankandivuta. Mzungu wina wa kutchalitchi kwathu ataona kuti Loweruka ndimangokhala ndwii, ananditengera kumalo osungirako agalu ndi amphaka osowa eni, kuseri kwa bwalo la ndege, kuti ndizikathandiza mongodzipereka. Ndinaseka m'njira monse. Kwathu galu amadzisunga yekha, akadwala amakadya udzu, akachira ndi mwayi wake. Kuno agalu ali ndi majuzi, amatsukidwa mano, ena mpaka amamwa mankhwala a nkhawa. Ndinati ndikangoona kamodzi kuti ndipeze choseketsa anthu pa foni, koma Loweruka lotsatira ndinapezeka ndabwereranso.

Ntchito yanga inali kutsuka makola, kuchapa mabulangete ndi kuyenda ndi agalu m'munda wa kuseri. Nesi wa pamalopo, mtsikana wamtali wosakonda zocheza, anandiuza tsiku loyamba kuti m'dziko lino woyeza chiweto ndi kuchilembera mankhwala ndi dokotala wolembetsedwa ku bungwe lawo basi. Nesi amapereka zimene dokotala walamula, ndipo ife odzipereka sitiloledwa kupatsa galu ngakhale kachidutswa ka piritsi. Anandionetsanso chitseko chagalasi kumapeto kwa khonde, cha chipinda cha odwala, pakhomo pake pali beseni la mankhwala oviikamo majombo. Mmenemo, anatero, inu musadzapondemo. Ndinavomera msanga, poti ndinalibe nazo ntchito.

Kenaka tsiku lina anthu anabwera ndi galu wina. Anamupeza atamangidwa kumpanda pafupi ndi pokwerera basi, wamkazi, wokalamba, pakamwa patayera. Anali wofiirira, makutu ali chilili, mchira wopindikira kumsana, nthiti zikuwerengeka, galu wa kwathu weniweni, wa mtundu uja umagona paphulusa kuseri kwa khitchini. Anafika bwanji ku Ireland sindidziwa, mwina naye anali ndi nkhani yake ya mapepala. Dokotala atamuyeza anapeza kuti impso zikutha, ndipo anamulowetsa m'chipinda chagalasi chija n'kumuika diripi.

Ndikamakolopa khonde ndinkasuzumira pagalasipo. Galuyo ankangogona chafufumimba, mwendo wakutsogolo atauzenga bandeji, mbale ya chakudya ili pambali yosakhudzidwa. Ndinafunsa nesi kuti tikaweruka amatsala ndi ndani. Anati satsala ndi munthu, pali kamera, ndipo zikavuta dokotala amaitanidwa. Anayankha bwinobwino, koma ine zinandilasa. Wodwala wa diripi, wosadya, n'kumutsekera chitseko kuti aziyang'anidwa ndi kamera!

Madzulo ake ndinauza mnzanga wa m'nyumba uja zimene ndinkaganiza. Anasiya kusita yunifolomu yake n'kundiyang'ana.

"Asisi, muli serious? Day off yanu yotsala imodzi yomweyi mukuti mukakhale gadiyani wa galu? Kumudzi akamva adzati Ireland yakuzungulitsani mutu."

"Sakudya," ndinatero.

"Nanga ma vet aja ntchito yawo n'chiyani? Inu simutopa ndi agogo a ku Santry?"

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinatenga ufa wa mgaiwa umene ndinkausunga ngati mankhwala, wogula kusitolo ya anthu a ku Africa m'tauni, n'kuphika phala lamadzimadzi, lija timaphikira munthu amene wakana zonse. Ndinalithira m'fulasiki, ndinapinda chitenje, ndinaika ndi supuni m'chikwama. Misa ya tsiku limenelo inandiphonya.

Nditafika sindinapite kumakola. Ndinalunjika kuchitseko chagalasi, ndipo dzanja lili pachogwirira, nesi anatulukira.

"Mukupita kuti ndi zimenezo?"

Ndinamuuza kuti ndabweretsa phala, ndipo ndikhala ndi wodwalayo mpaka mawa. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikufuna kukwatiwa naye galuyo. Anati sizingatheke, lamulo silola. Apo m'pamene ndinapsa mtima. Ine ndikakwiya Chingerezi chimandithawa, ndiye ndinasakaniza ndi Chichewa, kumufunsa ngati lamulo lakelo limadyetsa wodwala, ngati kamera inayamba yagwirapo supuni. Agalu onse m'makola anayamba kuuwa, ndipo phokosolo linatulutsa dokotala mu ofesi mwake.

Dokotalayo anali mayi wachikulire, wamfupi, wa manja okhakhala ngati a mlimi. Sanakalipe. Anapempha fulasiki, anatsegula, ananunkhiza, n'kufunsa zimene ndathiramo. Ndinati ufa, madzi ndi kamchere.

"Mchere umenewo impso zake sizingaupirire," anatero. "Ndipo mvetsani, mayi. Chilichonse cholowa m'kamwa mwa galu uyu, wokayankha ku bungwe lotiyang'anira ndine. Akandichotsa m'kaundula, agalu onse mukuwamvawa atsala opanda dokotala."

Ndinazizidwa. Ndinkadziona ngati ndabwera kudzapulumutsa, chonsecho ndanyamula chomupweteka. Kenaka analoza chitenje chimene chinkasuzumira m'chikwama n'kufunsa kuti nanga nsaluyo ndi ya chiyani. Ndinamufotokozera za gadiyani, za kugona pansi pa bedi, za kuphika kuseri kwa chipatala. Ndinati kwathu ndi manyazi aakulu pabanja wodwala kukhala wopanda munthu. Za amayi sindinanene, koma mawu anandithera pakati, ndipo ndikhulupirira anaona yekha kuti nkhaniyi si ya galu yekha.

Kenaka anati zogona pamalopo ndiiwale, zimenezo ngakhale iye sangazisinthe. Koma palibe lamulo loletsa dokotala kulamula kuti wodwala wake azikhala ndi munthu masana. Ndizivala epuloni ndi magolovesi, ndiziviika majombo m'beseni, ndizimudyetsa chakudya cha m'chitini chokhacho chimene iye walemba, ndipo diripi ndisaikhudze. Chitenje chitsale kunja. Atatha kunena zonsezo anathira phala langa m'kapu yake ya tiyi, anamwa, n'kunena kuti likanakoma likanakhala ndi shuga.

Umu ndi mmene ndinakhalira gadiyani. Ndinkakhala pasimenti pambali pa khola lake, miyendo nditatambasula, chitini chili pamwendo. Poyamba sankandiyang'ana n'komwe. Ndinayamba kumulankhula m'Chichewa, ndipo ndinadabwa kudzimva ndikumupatsa ulemu. "Idyaniko pang'ono, agogo. Kangachepe komweka. Mukufuna anthu anene kuti gadiyani wanu ndi waulesi?" Ndinapaka chakudya kuchala n'kuchifikitsa pamphuno pake. Ananunkhiza, anatembenuka, ananunkhizanso, kenaka lilime linatuluka n'kunyambita. Ndinafuula mpaka nesi anabwera chothamanga kuganiza kuti kwagwa zina. Ataona, naye anamwetulira, koyamba chimudziwireni.

Masiku otsatira ndikaweruka ku Santry ndinkakwera basi ziwiri kuti ndikafike asanatseke. Ndinkamupukuta m'maso, kumusinthira bulangete, kumuuza nkhani za kuntchito ndi miseche ya mnzanga wa m'nyumba. Diripi ikatsala pang'ono ndinkadzambatuka kukaitana nesi monga timachitira kwathu, iye n'kumandiseka kuti makina a diripiyo amalira okha ikatha. Ndinkadziwa, koma miyendo inkanyamuka yokha. Pobwerera m'basi ndinkanunkha mankhwala a m'beseni, anthu n'kumasendera kutali, koma mtima wanga unkakhala m'malo kuposa masiku onse chifikireni m'dziko lino. Zimene manja anga ankalakalaka kuchitira amayi, ankazichita tsopano, ngakhale mochedwa ndiponso kwa wodwala wina.

Sizinakhalitse. Galu uja anayamba kusanza chilichonse, kenaka anasiya ngakhale kunyambita chala. Dokotala anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti magazi akuonetsa kuti impso zaima, wodwalayo ali pa ululu, ndipo nthawi yakwana yoti amubaye jakisoni womugonetseratu. Ndinakana. Ndinati kwathu wodwala sitimuthandiza kufa, timamudikira mpaka Mwini wake amutenge. Iye anati kuno kusiya chiweto chikuzunzika pamene palibe chiyembekezo ndi mlandu, ndipo udindo umenewo uli pa iye. Ndinamuuza maso ndi maso kuti ali ndi mtima wamwala. Anangoti adzachita mawa masana, ndipo ngati ndikufuna kukhalapo, adzandidikira mpaka ndiweruke.

Ndinachoka ndikulumbira kuti sindidzapondakonso. Kuntchito m'mawa mwake ndinkagwetsa zinthu, mpaka gogo wina amene ndinkamumwetsa tiyi anandifunsa ngati ndikudwala. Mkwiyo unalipo ndithu, koma pansi pake panali mantha. Ndinali ndisanaonepo wodwala wanga akutsirizika, ndipo ndinazindikira kuti ndikapanda kupita, galuyo afa mmene ndinkaopera, pali anthu a mayunifolomu okhaokha, wake palibe. Nditaweruka ndinathamangira basi.

Kunkagwa kamvula kaja ka kuno kosaleka, ndipo basi yachiwiri inachedwa. Ndinafika nditanyowa, nthawi yotseka itapitirira, koma galimoto ya dokotala inali ikadali panja. Anali atakhala pampando m'chipinda chagalasi, manja ali pamaondo, akundidikira. Ndinaviika majombo, ndinakhala pansi, ndinanyamula mutu wa galu uja n'kuuika pamwendo panga. Dokotala anati magolovesi ndikhoza kuvula. Aka kanali koyamba kumukhudza ndi khungu langa, ndipo khutu lake linali lofunda, lofewa kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinamuuza kuti ndabwera, asaope, ndili pompano. Dokotala analowetsa mankhwala m'kachubu ka pamwendo. Mpweya unatsika pang'onopang'ono, mutu unalemera, basi. Ndinayesa kumutseka maso koma ankatsegukanso, ndipo dokotala anandigwira paphewa n'kunena kuti agalu amatero, ndisadandaule.

Ndinatuluka kukadali kowala. Ndinaima pokwerera basi, ndege zikutsika pamwamba panga, ndipo ndisanaganize kawiri ndinaimbira mng'ono wanga. Anayankha ana akusokosera kumbuyo.

"Iwe, tandiuza za m'wodi muja," ndinatero.

Ndinamva akuthamangitsa ana. "Achemwali, bwanji lero? Kwagwanji?"

"Palibe. Ndingofuna kudziwa. Amayi ankadya?"

"Poyamba ankakana. Ndikabwera ndi supuni ankatembenukira kukhoma, anesi mpaka anatopa nawo. Ndiye ndinapeza nzeru. Ndinkawauza kuti, amayi, achemwali aimba foni, akuti mumalize phalali, akubwera. Akamva choncho ankatsegula pakamwa."

"Sankafunsa kuti ndifika liti?"

"Ankafunsa tsiku lililonse. Ndinkati ali m'njira, kumene aliko n'kutali. Mpaka tsiku lomaliza anadya, achemwali. Ankati akufuna muwapeze ali ndi mphamvu."

Basi yanga inabwera, inaima, inatsegula chitseko, n'kupita, ine ndili chiimire ndi foni kukhutu.