A Ziro ndi Makina Osaiwala

Pafakitale pali mkulu wina amene onse amangomutcha a Ziro. Makina awo odulira zitsulo ndi oiwalaiwala. Akangozimitsidwa sadziwanso pamene analekezera, ndiye powayatsa amayamba abwerera kuchiyambi, pa ziro, mwapang'onopang'ono ngati akupita kumaliro. Apa mkuluyu amakhala pansi n'kumasisita mawondo ake otupa. "Musawafulumize," amatero, "akupita kwawo." Tsiku lonse mpata wokhala pansi ndi womwewu.

Mwezi wathawu, itatha misonkhano yambirimbiri, akuluakulu anamangirira pamakinawo kachipangizo kokumbukira malo ngakhale magetsi atazima. Bwana wamng'ono anatsika muofesi, tayi ali pakhosi, kudzalengeza.

"Madala, zodikira zija zatha. Mukangoyatsa, ntchito pomwepo. Mwasangalala eti?"

"Kwambiri, bwana," anayankha a Ziro. "Koma sangamaiwaleko pang'ono, ngakhale Lolemba lokha?"

"Olo tsiku limodzi."

A Ziro anangogwedeza mutu. Chiyambire tsikulo amaima kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Dzana akuluakulu anawaitana pamaso pa onse n'kuwapatsa satifiketi ya wantchito wosataya nthawi. Anailandira chiimirire.